Noun ndi pronoun mu Chingerezi: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu ophunzira Chingerezi, ana asukulu ngakhalenso akuluakulu amene amalemba makalata ndi ma imelo kuntchito. Osavuta ali koyambirira, ovutirapo ali kumunsi, ndiye yankho lina likakutumizani ku funso lina ingopitani komweko.

1. Noun ndi chiyani kwenikweni, nanga pronoun?

Noun ndi dzina. Dzina la munthu, malo, nyama, chinthu, ngakhale zinthu zosagwirika ndi manja monga chikondi kapena mantha: *teacher, London, dog, table, love, fear*. Pronoun ndi mlowam'malo, timawu tija ta *I, you, he, she, it, we, they* tothandiza kuti musamangobwereza dzina limodzi mpaka womvera atatopa nanu. Mukati "Mary said Mary would bring Mary's book" zikumveka ngati pali a Mary atatu, koma "Mary said she would bring her book" zayera.

Kusiyana kwina kuli pa tanthauzo. Noun imayenda ndi tanthauzo lake kulikonse, *dog* ndi galu kaya mwaipeza m'buku kaya pachikwangwani. Pronoun payokha ilibe mwini, *he* pano ndi John, m'ndime yotsatira ndi munthu wina, ndipo *I* ndi aliyense amene watsegula pakamwa nthawi imeneyo.

2. Ndingadziwe bwanji kuti liwu ili ndi noun kapena pronoun ndikaliwona m'chiganizo?

Musadalire tanthauzo lija loloweza loti dzina la munthu, malo kapena chinthu, limathandiza ana ang'ono koma silifika patali. Yang'anani mmene liwulo likuchitira. Noun wamba imalola *the, a, my, this* kutsogolo kwake, imalola mfotokozi, ndipo zambiri zimachuluka ndi s kumapeto: *the car, a red car, three cars*. Tayesani zomwezo pa pronoun muone, *the he, a tall she, three its*, palibe chikumveka. Kuyesa kumeneku kumakuthandizaninso pa mawu ngati *happiness* kapena *decision* amene si munthu si malo si chinthu chooneka, koma mukhoza kunena *the decision, a hard decision, two decisions*, basi ndi noun.

Chachiwiri n'chakuti ma noun satha, tsiku ndi tsiku kukubadwa atsopano, *selfie, podcast, emoji*, agogo athu sankawadziwa amenewa. Ma pronoun ndi kagulu kotsekeka, ochepa oti mukhoza kuwalemba onse papepala limodzi, ndipo kuti liwu latsopano lilowemo n'kukhazikika pamatenga zaka mazanamazana. Ndiye njira yachidule ndi kungowaloweza ma pronoun onse, zimatheka.

3. Aphunzitsi amati pronoun imalowa m'malo mwa noun. N'zoona zimenezo?

N'zoona pang'ono. Kunena molondola, imalowa m'malo mwa gulu lonse la mawu amene azungulira noun. Tengani "The tall man in the blue shirt is waiting." Pronoun ikanangochotsa noun yokha bwenzi tikuti "The tall he in the blue shirt is waiting," zomwe palibe anganene. Timati "He is waiting," ndiye kuti *he* yameza mawu onse kuyambira pa *the* mpaka pa *shirt*.

Komanso pali ena amene salowa m'malo mwa dzina lililonse. Mukati "I am tired" simunachotsepo dzina lanu, umboni wake ngwakuti mukaika dzinalo mneni amasintha kukhala *is*. Nanga *nobody* akulowa m'malo mwa ndani? Chifukwa cha zinthu ngati zimenezi akatswiri ena sawerengera pronoun ngati mtundu wa mawu wapadera, buku lalikulu la galamala la Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum la 2002 limaika ma pronoun ngati kagulu kamodzi mkati mwa ma noun. Koma pamayeso akusukulu zisiyanitseni monga mwa masiku onse, wochonga sakufuna mkangano umenewo.

4. Ma pronoun alipo amitundu ingati?

Zimatengera buku, koma ambiri amagawa chonchi. Pali oimira anthu ndi zinthu, *I, you, he, she, it, we, they* pamodzi ndi anzawo *me, him, her, us, them*. Pali aumwini, *mine, yours, his, hers, ours, theirs*. Odzichitira ndi aja othera ndi self kapena selves, *myself, herself, themselves*. Oloza ndi *this, that, these, those*, ofunsa ndi *who, whom, whose, which, what*, ndipo ena mwa ofunsawo amagwiranso ntchito yolumikiza, onani funso 14. Otsiriza ndi osatchula mwini weniweni, *someone, anybody, everyone, nothing, none* ndi ena otero. Mabuku ena amawonjezera *each other* ndi *one another* ngati gulu lapalokha la kuchitirana.

5. N'chifukwa chiyani I imasintha kukhala me, he kukhala him, pamene noun imangokhala chimodzimodzi?

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu. Noun ikhale mwininkhani kapena pamtherankhani sisintha maonekedwe: "The dog bit the man," "The man bit the dog," *dog* ndi *man* ali momwemo, chimene chikutiuza woluma ndi wolumidwa ndi malo amene liwu laima basi. Koma pronoun imasintha: "He saw her," "She saw him." Wochita ndi *I, he, she, we, they*, wochitidwa ndi *me, him, her, us, them*, ndipo pambuyo pa mperekezi monga *to, for, with, between* pamabweranso gulu lachiwirili. *You* ndi *it* okha ndi amene sasintha.

Zinachokera kutali. Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, ma noun nawonso ankasintha kumapeto malinga ndi ntchito yawo m'chiganizo, ngati mmene Chijeremani chimachitirabe pang'ono lero. Timathero timeneto tinayamba kufufutika, ndipo m'zaka mazana angapo a Norman a ku France atalanda England mu 1066 tinatheratu, kunangotsala s wochulukitsa ndi 's waumwini, kuphatikizapo otsalira ochepa ngati *men, feet, children, oxen*. Ma pronoun anapulumuka chifukwa amanenedwa pafupipafupi kwambiri, mawu oti ali pakamwa mphindi iliyonse savuta kusunga maonekedwe akale ngakhale ena onse atasintha.

6. Cholondola ndi "John and I" kapena "John and me"?

Zonse n'zolondola, zimatengera pamene zaima. Mchotseni kaye John muwerenge chotsalacho. "John and I went home," kuchotsa John kutsala "I went home," zili bwino. "She invited John and I," kutsala "She invited I," ayi, ndiye cholondola ndi "She invited John and me." Anthu ambiri anakalipiridwa ali ana chifukwa chonena "me and John went," ndiye anangogwira zoti *me* ndi liwu la osaphunzira n'kuyamba kuika *I* paliponse, mpaka kumati "between you and I" poganiza kuti ndiye Chingerezi chapamwamba. Eni chilankhulo nawonso amatero ndithu, koma polemba zantchito kapena pamayeso lembani "between you and me." Chifukwa chake chili pa funso 5.

Za "It is I" ndi "It's me" musavutike nazo. Mabuku akale ankakakamiza "It is I" koma masiku ano mukagogoda pakhomo n'kuyankha choncho anthu aziona ngati mukuchita sewero.

7. Ndimasokoneza he ndi she ngakhale ndikudziwa bwinobwino kusiyana kwake. Vuto ndi chiyani?

Si umbuli ayi. Mu Chichewa *iye* ndi mwamuna kapena mkazi, "wabwera" satiuza ngati wabwerayo ndi bambo kapena mayi, ndiye ubongo sunazolowere kusankha zimenezo pakati pa chiganizo muli mkati molankhula mwachangu. Olankhula Chiswahili, Chituruki, Chifinishi ndi zilankhulo zina zambiri amapunthwa pomwepo. Mankhwala ake ndi kuyeseza mokweza, kufotokoza nkhani ya anthu awiri mwamuna ndi mkazi mobwerezabwereza mpaka lilime lizolowere.

Chenjeraninso ndi *his* ndi *her*: amatsatira mwini chinthu, osati chinthucho. "John loves his mother," osati *her mother* poganiza kuti mayiwo ndi aakazi. Mukati *her mother* ndiye kuti John akukonda mayi a mkazi wina, nkhani yasintha.

Ma noun ambiri a Chingerezi sasonyeza mwamuna kapena mkazi, *doctor, friend, cousin, driver*, ndi pronoun imene imaulula.

8. Its ndi it's, kodi si chimodzimodzi?

Ayi, ndipo apa ma noun ndi ma pronoun amachita zosemphana kwenikweni. Noun imasonyeza umwini ndi kachizindikiro kaja ka apostrophe: *the dog's tail, Mary's book, the students' results*. Ma pronoun aumwini satenga apostrophe: *its, hers, ours, yours, theirs, whose*. Mukaona *it's* dziwani kuti ndi chidule cha *it is* kapena *it has*, chimodzimodzi *who's* ndi *who is*, *you're* ndi *you are*, *they're* ndi *they are*. Mukakayika litambasuleni: "The dog wagged it's tail" ikhala "The dog wagged it is tail," mwaona kuti sizikuyenda.

Koma aja a *someone, everybody, one* amatenga apostrophe ngati ma noun: *someone's phone, one's duty*.

Paja *its* ndi liwu lobwera mochedwa, linayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, kale ankangoti *his* ngakhale pa chinthu chopanda moyo. Ndipo kwa nthawi yaitali olemba ambiri ankalilemba ndi apostrophe, ndiye amene amalakwitsa lero ali ndi anzawo akalekale, kungoti lamulo linakhazikika kale mbali inayo.

9. Kodi my, your, their ndi ma pronoun?

Mabuku samvana. Ena amati ndi *possessive adjective*, ena *possessive determiner*, ena amangowaika pamodzi ndi ma pronoun. Chofunika kudziwa n'chakuti *my* saima yekha, amafuna noun pambuyo pake, pamene *mine* amaima yekha: "This is my pen," "This pen is mine." Simunganene "This is mine pen" kapena "This pen is my." Pamayeso tsatirani dzina limene buku lanu likugwiritsa ntchito.

Zomwezo zimachitika ndi *this, that, some, many*: mu "This is good" *this* ndi pronoun, mu "This book is good" sikuti walowa m'malo mwa chilichonse, akungoloza noun imene ili pomwepo.

10. Ndinaona wina atalemba they ponena munthu mmodzi. Si kulakwitsa kumeneko?

Si kulakwitsa. "Someone left their phone here," "If anyone calls, tell them to wait," izi ndi Chingerezi chabwinobwino ndipo n'chakale, dikishonale ya Oxford ili ndi chitsanzo cha m'chaka cha 1375. Amagalamala a zaka za m'ma 1700 ndi amene anayamba kulimbikitsa kuti munthu wosadziwika azitchedwa *he*, mmodzi wa iwo anali mayi, Ann Fisher, m'buku lake la 1745, ndipo mu 1850 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa kuti m'malamulo mawu onena mwamuna aziphatikizanso akazi. Kenako kunabwera *he or she* amene ndi wolondola koma amatopetsa mukamubwereza kanayi m'ndime imodzi. Masiku ano *they* wabwerera mwamphamvu, palinso anthu amene amasankha kutchedwa *they* m'malo mwa *he* kapena *she*, ndipo olemba dikishonale ya Merriam-Webster ya ku America anasankha *they* kukhala liwu la chaka cha 2019.

Mneni amakhalabe wa ambiri: *they are*, osati *they is*, ngakhale munthuyo ndi mmodzi. Koma *everyone* ndi *someone* eni akewo amatenga mneni wa mmodzi: "Everyone is here," "Everyone has their ticket." Zikuoneka zosokonekera koma ndi mmene zilili.

Nayenso *they* ndi mlendo m'Chingerezi, *they, them, their* anachokera ku chilankhulo cha ma Viking a ku Scandinavia amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, ndipo anayamba kuoneka m'zolemba cha m'ma 1200. N'chimodzi mwa zitsanzo zochepa zoti chilankhulo chabwereka pronoun, ma noun ndiye amabwerekedwa tsiku lililonse.

11. Mu Chingerezi mulibe iwe ndi inu? Ndimachita manyazi kunena you kwa munthu wamkulu.

Munali. *Thou* ndi *thee* anali a munthu mmodzi, *ye* ndi *you* a anthu ambiri kapena munthu wolemekezeka, pafupifupi mmene zilili ndi iwe ndi inu. Mukawerenga Baibulo la King James la 1611 muwapeza onsewo. Pang'onopang'ono anthu anayamba kunena *you* kwa aliyense mpaka *thou* anafa m'malankhulidwe wamba cha m'ma 1600, anangotsala m'mapemphero, m'ndakatulo ndi m'zigawo zina za kumpoto kwa England. Ndiye mukamati *you* kwa abwana anu dziwani kuti mukunena inu waulemu uja kale, palibe mwano.

Chimene simuyenera kuchita ndi kutengera ulemu wa Chichewa n'kunena *they* kwa munthu mmodzi wodziwika: "My father, they are coming" womva ayembekezera gulu la anthu. Ndi "My father is coming" basi. Ulemu mu Chingerezi umanyamulidwa ndi ma noun ngati *sir, madam, Mr, Dr* ndi mawu ngati *please, could you*, osati pronoun.

Kusowa kwa *you* wa ambiri kumawavutanso eni ake, n'chifukwa chake kumwera kwa United States amati *y'all*, ku Ireland ndi ku Scotland mumamva *youse*, ndipo *you guys* ali ponseponse.

12. Mu "It is raining," it ameneyu ndi ndani?

Si aliyense. Chingerezi sichilola chiganizo chopanda mwininkhani, ndiye pakasowa woika amangoikapo *it* kuti atseke malo: "It is raining," "It is late," "It is ten o'clock," "It is hard to say." Ife timangoti "kukuzizira" kapena "kwada" zatha, iwo mpaka *it* akhalepo. Noun singagwire ntchito yopanda tanthauzo chonchi, ndi pronoun yokha. *There* wa mu "There is a problem" amachitanso zofanana.

13. Nditchule it kapena they pa mawu ngati information, news, trousers, team?

Pronoun imatsatira noun, ndiye muyambe mwadziwa khalidwe la noun yakeyo. *Information, advice, furniture, equipment, luggage* ndi ma noun osawerengeka, satenga s ndipo pronoun yake ndi *it*: "I got the information and sent it." *Informations* ndi *advices* asiyeni. *News* ili ndi s koma ndi chimodzi: "The news is bad, have you heard it?" Pamene *trousers, scissors, glasses* zovala m'maso zija ndi zambiri nthawi zonse ngakhale chinthucho ndi chimodzi: "Where are my glasses? I can't find them." *Police* ndi *people* nawonso ndi *they*.

Ma noun a gulu ngati *team, family, government, committee* ndiye zimatengera dziko. Ku Britain amalola zonse, "The team has lost its coach" kapena "The team have lost their coach," ku America amakonda choyambacho. Sankhani chimodzi, musasakanize *has* ndi *their* m'chiganizo chimodzi polemba zofunika.

14. Who, whom, which, that, ndigwiritse ntchito uti?

*Who* ndi wa anthu, *which* wa zinthu, *that* amalowa konse: "the woman who called," "the car which broke down," "the car that broke down." *Whom* ndi *who* wochitidwa, monga *him* alili kwa *he*, ndiye yesani kuyankha: yankho likakhala *him* ndi *whom*, likakhala *he* ndi *who*. Kunena zoona polankhula *whom* akutha, anthu amangoti "Who did you see?" ndipo palibe amadabwa. Pamene sathawika ndi pambuyo penipeni pa mperekezi, "to whom," "with whom," monga m'makalata aja oyamba ndi "To whom it may concern."

Cholakwika chofala ndi kuwonjezera pronoun ina pamene *who* kapena *that* wagwira kale ntchitoyo: "the book that I bought it." Mu Chichewa timati "buku limene ndinaligula," *li* uja ali m'mneni, ndiye dzanja limafuna kumuikanso. Mu Chingerezi ndi "the book that I bought" basi.

15. Nanga "My brother he is a doctor" chalakwika n'chiyani?

N'chimodzimodzi ndi zimene zili kumapeto kwa funso 14. Mneni wa Chichewa amanyamula kachizindikiro ka mwininkhani ngakhale dzina lilipo kale, "mchimwene wanga akubwera," *a* uja. Mu Chingerezi malo a mwininkhani ndi amodzi, muikepo noun kapena pronoun, osati zonse: "My brother is a doctor" kapena "He is a doctor." Pocheza eni chilankhulo nthawi zina amati "My brother, he's a doctor" akupumira pakati pofuna kutsindika, koma polemba zisiyeni.

16. Ndi liti pamene ndibwereze noun m'malo moika pronoun?

Pamene owerenga angafunse kuti "ndani?" Tengani "Peter told James that he had failed." Walephera ndani, Peter kapena James? Wolemba amadziwa chifukwa nkhani ili m'mutu mwake, wowerenga sadziwa. Apa bwerezani dzina kapena sinthani chiganizo chonse: "Peter told James, 'You have failed.'" Anthu ena anaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu ndi kulakwa, ndiye amadzaza ndime yonse ndi *he, he, it, this* mpaka osadziwika woba ndi wobedwa. Mu lipoti, m'kalata ya pangano kapena pofotokoza ngozi, kubwereza dzina kuli bwino kuposa kusiya anthu akulota. Mukayamba ndime yatsopano tchulaninso dzinalo, ndipo *this* woyambira chiganizo mumupatse noun, "this delay," "this decision," asamangoima yekha akuloza ndime yonse yam'mbuyo.

17. Myself ndi njira yaulemu yonenera me?

Ayi, ngakhale m'maofesi mwadzaza "Please send it to myself." *Myself* amagwira ntchito pamene wochita ndi wochitidwa ndi munthu mmodzi, "I cut myself," kapena potsindika, "I did it myself." Wotumiza akakhala wina ndi "send it to me." Onaninso kuti "They blamed themselves" ndi kudziimba mlandu okha, pamene "They blamed each other" ndi kulozana zala, Chichewa chimasiyanitsa ndi *dzi* ndi *ana* m'mneni momwemo, Chingerezi chimadalira pronoun. Ndipo ndi *himself* ndi *themselves*, *hisself* ndi *theirselves* mumawamva m'malankhulidwe a madera ena koma osawalemba.

18. Chilembo chachikulu chimaikidwa pa ati?

Pa ma noun amwinimwini: mayina a anthu, mayiko, mizinda, makampani, komanso masiku, miyezi ndi zilankhulo, *Monday, July, English, French*. Nyengo za chaka ngati *summer* ndi *winter* ayi. Noun wamba ngati *manager* kapena *school* sifuna chilembo chachikulu pokhapokha ikhale mbali ya dzina lenileni kapena yayamba chiganizo, Chijeremani ndi chimene chimakuza noun iliyonse. Pa ma pronoun ndi *I* yekha amene amakula paliponse pamene waima, *me, my, we* ndi *you* ayi. Mabuku ena achipembedzo amalemba *He* ndi *Him* ponena Mulungu, koma chimenecho ndi chisankho cha osindikiza, si lamulo la galamala, ndipo Mabaibulo ambiri a Chingerezi kuphatikizapo la King James lija salemba choncho.